A Shaba ndi Kilatchi ya Kabulu

Loweruka lapitali tinali ku Engutwini kukathira simenti pamanda a apongozi anga, a Shaba, poti chaka chakwana chitisiyireni. Ntchito yolemba pasimenti yaiwisi anaipereka kwa ine, chifukwa m'banja monse ndine wodziwika ndi zolembalemba. Ndinatenga msomali n'kulemba dzina, n'kulemba zaka. Ndikuti ndidzuke, mlamu wanga Wongani anati, "Alamu, pansipo onjezani kuti makaniko. Anthu adziwe kuti pagona ndani."

Msomali unandilemera. Ndinalemba ndithu, koma liwulo linapendekeka, ndipo wopita kumandako adzayesa kuti wolembayo anali ndi malungo. Sanali malungo. Mbiri ya umakaniko wa a Shaba ndinaiwononga ndine, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo iwo anatsikira m'manda anthu akuganizabe kuti anaiwononga okha.

Amene anawadziwa kumapeto kokha amakumbukira nkhalamba yaifupi yomata machubu a njinga kuseri kwa msika wa pa boma pa Mzimba. Koma kale pamalo omwewo pankaima malole a matabwa ochokera ku Chikangawa, madalaivala atandandalika ngati odwala pachipatala. A Shaba sankapereka moni injini ikulira. Ukafika n'kuyamba kufotokoza kuti galimoto yakuvuta apa ndi apo, ankatukula dzanja kuti ukhale chete. Kenako ankatsamiza sikuludiraiva pa injini, chigwiriro chake n'kuchiika kukhutu, maso atatseka. Akakhutira ndiye ankati, "Monire, adada. Muli uli?" Ankanena kuti mwini galimoto amanamako pang'ono podziteteza, koma injini ilibe wachibale woti imubisire mlandu.

Ntchitoyi anaiphunzirira m'nkhalango ya paini, kuyambira pa udindo woponya mwala kuseri kwa tayala lole ikaima pachitunda. Chizungu chawo chinali cha maina a zitsulo basi. Mabawuti ankawaika m'chipewa, ndipo kaya dzuwa liswe mtengo, mutu unkakhala pamtunda mpaka onse abwerere m'malo mwake. Akayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mluzu, madalaivala ankadziwa kuti zavuta, aitanitse chakudya. Mikangano sinkawasowa. Wina anamubweza ndi lole yake osaikhudza n'komwe, chifukwa anamuona akumenya injini ndi sipanala. Wina, chimunthu chachikulu choyendetsa phazi lili pa kilatchi, anamuuza pamaso pa anzake kuti lole ija ikanakhala ng'ombe ya ngolo ikanathawira kale ku Zambia. Koma mkangano wosatha unali wa kunyumba. Amama NyaMoyo, akazi awo, ankadandaula kuti sefa, masupuni ndi zivundikiro za mapoto zimachoka m'khitchini n'kukabadwanso ngati zida za pagaraja. A Shaba ankayankha kuti supuni yokhala m'kabati ilibe phindu kwa munthu. Anakangana chonchi zaka makumi anayi, osatopa.

Ine ndine wa ku Kasungu. Ndinakwatira mwana wawo wachiwiri, NyaShaba. Sukulu ndinalekera Sitandade 8, koma matenda owerenga sanandileke: ndimawerenga matumba a feteleza, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, nyuzipepala yokulungira usipa mpaka pamene mafuta adyera mawu. A Shaba ankanditcha mkweni, ndiko kuti mkamwini, koma akakondwa ankati "a Mabuku". Sitinkakhala mphasa imodzi, sitinkapisa mbale imodzi, ndipo polankhula nawo maso anga ankayang'ana kumbali. Kuno mkweni satsutsa bambo a mkazi wake pamaso. Chikakuvuta umadzera mwa munthu, munthuyo n'kupita nacho atachifewetsa. Mwambowu ndinkausunga kuposa eni ake, monga amachitira obwera. Ndaunena pano chifukwa ndi m'menemo ndinabisala.

Nthawi imeneyo ndinali mlembi wa gulu lathu la alimi a njuchi. Sitolo yathu inali m'munsi, pafupi ndi msewu wa tala, koma ming'oma inali pamtunda, m'mphepete mwa nkhalango ya ku Chikangawa, kumene umafika utakwera kanjira ka miyala kotalika. Bungwe lina lotithandiza linatipatsa kagalimoto ka m'tchire: matayala anayi onenepa, mipando iwiri, denga la mapaipi, kumbuyo kabodi ka katundu. Anthu anakatcha Kabulu. Kiyi ndi buku lake zinakhala m'manja mwa mlembi, ndipo bukulo ndinalikuta ndi pepala la thumba la simenti ngati mwana woyamba sukulu.

Pamalo athyathyathya Kabulu kankathamanga bwino. Koma kakasenza zigubu n'kuyamba chitunda cha kuming'oma, kankabuula ngati munthu wakhuta paukwati, n'kumanunkha mphira wopsa. Dalaivala wathu, a Mhango, ankangoti tsikani tikankhe. Tcheyamani, a Ngwira, anati tiitane a Shaba.

Iwo anakana kukonzera m'munsi. "Pano sikakudwala yayi," anatero. "Tiyeni nako kumene kamadwalira."

Anakhala pampando wa wokwera, maso atatseka, a Mhango n'kukwera nawo chitundacho katatu. Ine ndinkatsatira wapansi. Kachitatu anati imani, n'kutsegula chivundikiro cha m'mbali.

Kilatchi ya Kabulu si ya phazi ngati ya lole. Ndi mbale ziwiri zachitsulo zopana lamba wamphira, ndipo mkati mwake muli tizitsulo titatu topindika, kukula ngati chala chachikulu. A Shaba anatitcha tinyanga. Injini ikamazungulira, tinyangato timataikira kunja n'kukankha mbale kuti ipane lamba, galimoto n'kulowa yokha mu giya yolemera.

"Mkweni, mwapulika mmene mukupumira?" anandifunsa, maso ali pa tinyanga. Ndinali ndikali wefuwefu.

"Ndamva, adada."

"Mbwenu nayo injini ndi chimodzimodzi. Mphepo ya kuno njochepa, injini sikhuta. Tinyanga iti anatipangira kutsidya kwa nyanja, kumene dziko lili pansi. Tikulemera chomene. Tikuiponya mu giya yaikulu isanapeze mphamvu. Inu muli panjinga, mwasenza thumba la chimanga, chitunda ndi ichi. Mungayambe ndi giya yolemera?"

"Njinga yanga ilibe magiya, adada."

"Ndiye chifukwa chake mumaikankha."

Anatulutsa tupa. Ndinaonerera chitsulo chochokera kunja, chonyezimira, akuchipala ngati chidendene chong'ambika. Sikelo yawo anaipanga pomwepo ndi sipoko ya njinga, ulusi, ndi tizivundikiro tiwiri ta polishi. Miyala yoyezera inali nyemba zouma za m'dengu la amama NyaMoyo. Ankapala kanyanga kamodzi mpaka kapepuke ndi nyemba ziwiri, n'kupala tinzake mpaka tonse titatu tilingane, chifukwa kamodzi kakasiyana, ankati, Kabulu kanjenjemera mpaka kugwedeza mano a dalaivala. Kenako kumanga, kukwera chitunda, kumvetsera, kutsika, kumasula, kupalanso. Zinatenga masiku atatu. A Ngwira atafunsa ngati sangapale kamodzi n'kamodzi, anawayankha kuti chitsulo si tsitsi, ukachotsa sichimeranso.

Tsiku lachitatu masana Kabulu kanakwera ndi zigubu zinayi za madzi osapumira panjira, injini ikulira mokweza ndi mosalala ngati mayi woyambitsa nyimbo pamaliro. A Mhango anatsika n'kuvula chipewa pothokoza. "Yewo, adada. Yewo chomene." A Shaba anangotola nyemba zija n'kuziika m'thumba, akuti mwini wake akazifunsa.

Kabulu kanagwira ntchito nyengo yonse yokolola uchi popanda kubuula. Kenako inabwera kalata yoti eni bungwe lija abwera kudzaona mmene tikusamalira mphatso yawo. Ndinatenga buku lija n'kuyamba kuliwerenga, dikishonale ili pabondo. Ndinafika pa tsamba lokhala ndi chithunzi cha tinyanga, pansi pake mawu m'bokosi lakuda: tizitsulo iti tisapalidwe, tisabooledwe, tisasinthidwe mwa njira iliyonse. Ndinawerenga kanayi. Ndinatseka buku ndili ndi mantha, komanso, ndinene zoona, ndi kachimwemwe. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi chinthu chimene ndinkachidziwa ine, a Shaba osachidziwa.

Ndinayesa njira ya mwambo. Ndinapeza mkazi wanga akutong'ola chimanga.

"NyaShaba, mukawauze adada kuti buku likukana zimene anachita zija."

Sanaleke kutong'ola. "Ine ndikawauze adada kuti buku la amuna anga lawaposa nzeru? Ndapota, tumani wina."

Ndinapita kwa Wongani. Anaseka mpaka kugwira mtengo. "Alamu, bukulo linakwerapo chitunda chija?"

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo, kapena kupita kwa a Ngwira. Ine ndinakumbukira kuti m'bokosi lobwera ndi Kabulu munali tinyanga tina titatu ta sipeya, tokulungidwa m'pepala lamafuta. Lamlungu lina anthu akupita kutchalitchi, ndinanamizira mutu. Ndinali nditaonerera masiku atatu, choncho manja anaidziwa njira. Ndinachotsa topalapala tija n'kuika tatsopano. Ndinayendetsa pabwalo la sitolo, popanda katundu, popanda chitunda, ndipo kanayenda bwino. Ndinadziuza kuti ndapulumutsa gulu, ndasunganso ulemu wa apongozi, poti alendo sadzaona zipsera za tupa.

Alendo anabwera, anajambula Kabulu kali chiimire, anamwa tiyi wa uchi, n'kupita. Chivundikiro cha kilatchi sanachiyang'ane n'komwe. Ndinati tinyanga takale ndibwezeretsa Lamlungu lotsatira. Lamlungu lotsatira kunali ubatizo. Linalo kunali alendo kunyumba. Uchi tinali titakolola kale, Kabulu kankangoyenda m'munsi kukatula mabotolo kumsewu, ndipo palibe anaona kusintha. Nanenso ndinayamba kukhulupirira kuti mwina buku linali ndi choonadi.

Moto unabuka mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Unachokera kumene anthu anali atadula paini, mphepo n'kumauthamangitsira kuchitunda cha ming'oma. Tinalonga zigubu, mipope yopopera, makasu ndi zikwanje. A Mhango anakhala pachiwongolero, ine pambali pawo, amuna atatu atakakamira kumbuyo. Tinkafuna kukalambula udzu ndi kunyowetsa mzere kuzungulira ming'oma moto usanafike. Nthawi inalipo yokwanira, Kabulu kakanakwera monga mwa masiku onse.

Titangoyamba chitunda, ndinamva kubuula kuja. Ndinakuzindikira ngati liwu la munthu amene unamulakwira. A Mhango anati, "Kayambiranso zakale?" n'kuponda mafuta. Ndikanati imani, titsitse katundu, tikwere kawiri. Koma ndikanafunsidwa kuti ndadziwa bwanji. Ndinangogwira paipi ndi manja onse awiri. Pakati pa chitunda Kabulu kanaima injini ikukuwa, utsi unatuluka pansi pa mipando, kenako kunamveka ngati chikwapu. Lamba anali ataduka.

Tinasenza zigubu pamutu. Pamene tinkafika, njuchi zinali mbuu m'mwamba, ming'oma ikuyaka m'mitengo, phula likudontha pansi lili moto. Pa ming'oma makumi anayi ndi isanu tinapulumutsa isanu ndi umodzi. Yambiri mwa yopsayo inali ya amayi amasiye a m'gulu lathu.

M'mawa mwake a Shaba anafika pa lole ya matabwa, anthu ataunjikana pozungulira Kabulu pomwe kanafera. Anavula chipewa n'kundipatsa kuti ndigwire, mabawuti n'kumagweramo. Anachotsa chivundikiro, anazula nyenyeswa za lamba, n'kupisa dzanja mkati. Msana wawo unatchinga anthu onse, kupatula ine. Ndinaona chala chawo chachikulu chikusisita kanyanga pamene panayenera kukhala zipsera za tupa. Panali posalala. Anasisita kachiwiri, n'kachitatu komwe. Sanaimbe mluzu. Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirireni ine mwana wawo.

"Mkweni, mabawuti," anatero.

Ndinawapatsa. Anatseka chivundikiro n'kumanga, osafulumira.

"Adada Shaba, chachitika n'chiyani?" anafunsa a Ngwira.

"Lamba wapsa. Kilatchi iyi ndinaikonza ndine."

Sananame. Zonse ziwiri zinali zoona.

Msonkhano unachitika pabwalo la sitolo, ine ndikulemba. Wina anati nkhalamba imasema chitsulo ngati mpini wa khasu. Wina anati tinaona ndi maso athu akuyeza galimoto ndi ndiwo. A Mhango, omwe aja anavula chipewa, anati nawonso ankakayika chiyambire. Mayi wina wamasiye, NyaGondwe, amene ming'oma yake yonse inapsa, analankhula motsitsa: "Ise tinawakhulupirira, adada." Kenako a Ngwira anatembenukira kwa ine.

"A mlembi, inu mumawerenga. Buku likuti chiyani pa nkhani yopala zitsulo?"

Ndinadzuka. Ndinatsegula tsamba lija, ndinawerenga, ndinamasulira mawu ndi mawu. Sindinapunthwe pa liwu lililonse, ndipo sindikukumbukira tsiku lina limene ndinawerenga bwino chotero pagulu. A Shaba anali atakhala pachitsa, chipewa pabondo. Nditamaliza anagwedeza mutu n'kuti, "Mbwenu buku lanena." Anthu anagwirizana kuti asadzakhudzenso Kabulu, ndi kuti mlembi achotse tinyanga topalapala, aike ta sipeya, motsatira buku. Ndinazilemba ndi dzanja langa.

Apa ndiye pali chimene ndimalephera kuchinena nditakhala pansi. Ndinadzitsekera m'sitolo, ndinaika lamba watsopano, ndinachotsa tinyanga ta fakitale, n'kubwezeretsa ta a Shaba tija, timene ndinali nditabisa pansi pa nyuzipepala zanga. Kabulu kanakwera chitunda chija kakuimba. Anthu anati taonani, zitsulo za fakitale ndi zina ndithu. Anati mlembi wathu ali ndi mutu. Chaka chotsatira anandisankhanso popanda wopikisana naye.

Nkhani inatsika ndi malole a matabwa mpaka pa boma, ikunenepa panjira. Pofika ku Edingeni inali yoti nkhalamba ina inaotcha galimoto ndi njuchi zomwe. Madalaivala anayamba kupita kumagaraja atsopano. Malole anatha, anatsala njinga zamoto. Nazo zinatha, anatsala machubu ndi mawilibala. A Shaba sanadandaule kwa aliyense. Tsiku lina atabwera kudzaona zidzukulu, Kabulu kanadutsa chapatali kakulowera kumtunda. Anatseka maso n'kumvetsera mpaka kulira kunazimirira. "Kakuimba bwino," anatero, n'kupitiriza kusenda nzimbe za ana.

Musayese kuti sindinachite kanthu. Ndinagula tambala woti ndikapepese naye mwa mwambo, kudzera mwa amalume a mkazi wanga. Tambalayo anakhala pakhomo panga kudikira tsiku labwino. Ananenepa, anabereka ana mudzi wonse, ankandidzutsa m'mawa uliwonse ngati akudziwa ntchito imene anagulidwira. Tinamudya pa Khirisimasi yachiwiri. Ndinagula wina. Mkazi wanga ankangodabwa kuti munthu wosaweta nkhuku amakonda bwanji atambala. Chondiletsa sichinali chachikulu: ndinkaopa maso a NyaGondwe, ndinkaopa kuchotsedwa ulembi, ndinkaopa kuti mawu oti "a Mabuku" asanduka chitonzo. Zinthu zazing'ono zotere ndinazilemeretsa kuposa dzina la munthu.

M'chaka chachitatu mvula inanditsekera m'sitolo tsiku lathunthu, ndipo posowa chowerenga ndinatenga buku la Kabulu n'kulimaliza. Kumasamba a kumapeto kunali mutu wonena za malo okwera. Unkati kumapiri mpweya ndi wochepa, injini imafooka, choncho muike tizitsulo topepukirapo, apo ayi lamba adzapsa. Kusiyana kwake kunali kumodzi kokha: buku linkati mugule topepukato kwa iwo, a Shaba anapala okha, poti kogula kunali kutsidya kwa nyanja. Ndinaseka ndekha m'sitolomo, kuseka kosakoma. Ine wowerenga thumba la feteleza mpaka keyala ya fakitale, buku limodzi lofunika ndinalilekera pakati.

Atadwala komaliza, ali ku Engutwini miyendo itatupa, ndinapita kukawaona. Anali pakhonde, atafunda bulangeti masana. Ndinakhala pansi chapatali, nkhope kumbali, monga mwa nthawi zonse.

"Adada, pali nkhani yakalekale imene..."

"A Mabuku, buku lija mukali nalo?"

"Ndili nalo, adada."

"Za mapiri silinenapo kanthu?"

Ndinawauza zonse zimene ndinapeza kumasamba a kumapeto. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, amama NyaMoyo n'kutuluka ndi madzi.

"Mbwenu wolembayo anakwerapo chitunda," anatero atapuma. "Akuti nyemba zingati?"

"Salemba m'nyemba, adada."

"Akanandifunsa."

Amama atalowa m'nyumba ndinayambanso. "Adada, tinyanga tija, tsiku lija la moto..."

Anatukula dzanja. "Mkweni akachita manyazi, woyenda chowerama pamsika ndi mwana wanga. Ine pamsika ndinayendapo mokwanira. Ana akupita kusukulu?"

"Akupita."

"Mbwenu, basi."

Ndinabwerera kunyumba nditapepukidwa, ndipo pa zonse zimene ndalemba pano kupepukidwa kumeneko ndiko kumandichititsa manyazi kwambiri. Ndinadziuza kuti mwini wake wandiletsa. Koma anandiletsa zaka zisanu ndi chimodzi zitapita kale. Tsiku la msonkhano lija palibe anandigwira pakamwa.

Titaika maliro ndinamuuza NyaShaba. Anakhala masiku atatu akundiikira chakudya osalankhula. Tsiku lachinayi anati, "Kwa ine mwanena. Amene anawatukwana adada si ine." Choncho pamsonkhano wotsatira wa gulu ndinaimirira n'kunena zonse, kuyambira Lamlungu la mutu wabodza lija. Ndinkayembekeza kuti andizuma, mwina andichotsa. Koma a Ngwira anali atamwalira, a Mhango ali ku Joni, ndipo theka la anthu anali atsopano, osawadziwa a Shaba. Tcheyamani watsopano anati, "Zikomo a mlembi, zimenezo n'zakale. Tipite ku nkhani ya mabotolo." Atabalalika anthu, NyaGondwe anandipeza ndikutseka sitolo.

"Mukanatiuza akali moyo, ndikanapita kukawapatsa moni," anatero. "Zaka zonsezi ndinkawalambalala pamsika."

Anasenza dengu lake n'kupita.

Pochokera kumanda Loweruka lija ndinatsikira pa boma n'kudzera kuseri kwa msika. Malowo palibe wawatenga. Malata a shedi anazula Wongani, kwatsala mitengo inayi, umodzi utapendekeka. Pakati pake nthaka ndi yakuda bii, yolimba ngati chikumba, chifukwa cha oyilo wa zaka zambirimbiri, ndipo udzu umamera mozungulira n'kulekera m'malire ngati wauzidwa. Ndili chiimire, bambo wina anafika akukankha njinga yamoto, thukuta lili kamukamu. Anati wachokera nayo ku Edingeni.

"Monire, adada. Pano sipankakhala makaniko wachikulire?"

"Anatisiya chaka chatha."

"Pepani. Si aja anaotcha galimoto ya anthu a njuchi?"

"Ayi. Anaotcha ndine."

Anandiyang'ana kuyambira kujekete mpaka kunyuzipepala ya kukhwapa kwanga. "Ndiye inunso ndinu makaniko?"

"Ayi ndithu."

"Nanga ndipite kuti?"

Ndinamulozera kumagaraja atsopano aja, kutsidya kwa msewu. Anathokoza n'kupitiriza kukankha, ndipo sindikhulupirira kuti zimene ndinamuuza anafika nazo ngakhale pamsewupo.

Amayi ogulitsa matimati chapafupi amayanika masaka awo pamitengo inayi ija, koma pansi pake palibe amakhalapo. Amati nthaka imeneyo imadetsa chitenje, ndipo banga lake silichoka ndi sopo. Ine ndinali ndi buluku la kutchalitchi. Ndinakhalapo.